Zipolopolo Ziwiri pa Chikhatho

Sajeni Mulipa anapuma ntchito ku balaki
maso akadali akuthwa, bondo lokha ndilo linawakana.
Ndinawapeza kwawo ku Sadzi akusenda chinangwa,
ine nditasenza dandaulo la anapiye khumi ndi anayi
amene likongwe ananditolera mmodzimmodzi
ngati wodula ziphaso mumsika wa Mpondabwino.

Anamva, osayankha.
Analowa m'nyumba, natuluka ndi kachitini ka fodya,
nandikhuthulira zipolopolo ziwiri pachikhatho.
China ngati njere ya mapira yonenepa,
chinzake ngati khobwe.
"Sankhani, aphunzitsi. Paja mayeso mumawakonda."

Dzanja langa lozolowera choko
linathamangira chachikulucho.
Anaseka mpaka kutsokomola.
"Aliyense amatero.
Wobwera ndi mkwiyo amafuna mzinga.

"Kakang'onoka kamayenda ngati mwana wotumidwa mchere,
njira imodzi, osacheuka,
kamaboola pepala pomwe mwaloza.
Koma chiperoni chikatsika m'phirimu
chimakanyengerera, kamakathera kwa eni.
Chachikuluchi ncholemera miyendo,
chimawerama chisanafike.
Mumaloza pamwamba pa chimene mukufuna,
monga achitira wopempha ngongole.
Koma chikafika, mlandu watha."

Ndinati ndiye chomwecho, mlandu uthe.

"Kuseri kwa khola lanu kuli chiyani?"
Mpanda wa bango.
"Kuseri kwa mpandawo?"
Bafa la a Nasiyaya,
ndi kanjira kopita ku mjigo.
Anatola khobwe uja pachikhatho panga
nam'bwezera m'chitini, khwe.
"Chipolopolo sichidziwa malire a poloti."

Katatu ndinakhala pa benchi ya kupolisi
kudikira chidindo,
thalauza langa linaloweza misomali yonse ya benchiyo.
Kenaka mfuti inabwera, yopepuka,
yochititsa manyazi kuinyamula,
ana a m'kalasi mwanga akanaiona akanati ndi ya chidole.

Masabata onse a mwezi wa Julayi, tikaweruka ku tchalitchi,
tinkatsikira ku Likangala
kumene chulu chachikulu chimameza zolakwa za munthu.
Sajeni ankamata zitsekerero za mabotolo pa dothi lake
nawerenga mapazi makumi atatu, akutsimphina.
"Musakoke. Finyani pang'onopang'ono
ngati mukuyesa peyala la mwini pamsika.
Mpweya utuluke theka. Theka linalo ndi lanu."
Ndinalasa chulu, ndinalasa udzu,
tsiku lina ndinalasa mtambo.
Sabata lachisanu chitsekerero chinalira, nji,
nichigwa chagada, dzuwa likuonekera pakati pake.
Sajeni sanayamikire.
Anangoti, "Chinacho."

Likongwe anabwera Lachiwiri, nkhungu isanachoke pa Chinamwali.
Woonda, wofiirira, nsonga ya mchira yakuda
ngati anaiviika mu inki yanga.
Anaima pa mwala, dzanja limodzi m'mwamba,
mwana wodziwa yankho.
Ndinamuika pa nsonga ya mfuti.
Mpweya unatuluka theka.
Ndipo kuseri kwa bango kunadutsa kanthu kobiriwira,
kaya yunifolomu yoyanikidwa,
kaya mwini yunifolomuyo ali momwemo,
mpaka lero sindidziwa.

Chala changa chinabwerera chokha.
Mwanapiye wa khumi ndi chisanu analira kawiri
nalowa m'tchire mutu uli pansi.

Madzulo ndinakwera kabaza kukagula waya wa sefa,
mamita asanu ndi limodzi, pa ngongole.
Ndinaloza pamwamba, anandipatsa anayi.

Sajeni nditawafotokozera anafunsa za mphepo,
ngati inkachokera kuphiri kapena ku Chilwa.
Za mwanapiye sanafunse.
Lamulungu likudzali tikapitanso ku chulu,
akuti tiwonjezere mapazi khumi.
Chitsekerero chija ndimayenda nacho m'thumba la malaya
pamodzi ndi choko,
ndipo likongwe, ndamuona dzana,
wanenepa.