Msoko

Zinayambira m'kamwa.
Atate anakana tiyi, kenako buledi,
kenako mawu,
ndipo makina awo osokera kuno ku Mufakose
anagona pansi pa chitenje miyezi iwiri.

Matuza anatsikira pachifuwa ndi kumsana,
ofewa ngati dzira lopanda chigoba.
Kukacha malaya ankakhala atamatirira m'zilonda.
Ndinkawanyowetsa ndi madzi ofunda amchere
kuti ndivule nsalu yokha, munthu atsale.

Oyandikana nafe anati wina waponya mankhwala pakhomo.
Ena ananong'ona za matenda aja,
tinakayezetsa magazi kawiri, osapezeka kanthu.
Kapu ya atate inayamba kutsukidwa payokha.
Ndinali ine woitsukayo.

M'kombi yopita ku Parirenyatwa
anakhala chowongoka njira yonse
kuopa kutsamira mpando.

Dokotala Mazarura sanafulumire.
Anaika chala chachikulu pakhungu looneka labwinobwino,
n'kukankha pang'ono,
ndipo linasendeka ngati khoko la mbatata yophika.
Anadula kachidutswa, kanjere ka mapira,
kakalowa m'botolo, kakapita kokaunikidwa.
Tinadikira masiku khumi ndi asanu ndi anayi.

Tsiku la zotsatira anatitembenuzira chithunzi:
ukonde wobiriwira ukuwala mumdima.
Pemfigasi, anatero.
Asilikali a m'thupi asokonezeka,
akudula ulusi wolumikiza khungu la mwini wawo.
Si ufiti. Sapatsirana.

Atate anapempha cholembera,
pakuti lilime linali lidakali bala,
nalemba kuseri kwa khadi la chipatala:
Ndiye kuti ndasomoka msoko basi?
Dokotala anafunsa tanthauzo, ndinamasulira m'Chishona,
anaseka, nati inde, ndipo tisoka pang'onopang'ono.

Mapiritsi khumi ndi awiri m'mawa uliwonse.
Musadzasiye mwadzidzidzi, ngakhale mutaona ngati mwachira.
Tinagulitsa simbi yositira, kenako njinga.
Nkhope inatupa, masaya ngati a khanda,
shuga anakwera, tulo tinathawa,
pakati pausiku ndinkawapeza kukhitchini
akusuzumira m'miphika ngati mwana wakuba ndiwo.

Koma zilonda zinauma.
Zinasiya zipsera zakuda ngati makobidi akale.
Mapiritsi anatsika: khumi, asanu ndi atatu, asanu,
ena atsopano n'kulowa m'malo mwake.

Mwezi uno jakaranda wathothokera m'misewu yonse ya m'tauni.
Dzulo ndamva makina akulira ndili kumpopi.
A Lifeyo Chimbalanga, telala,
akufupikitsa thalauza la mwana wasukulu,
mapini atatu ali pamilomo
yomwe ija inkakana madzi.

Kuseri kwa khutu lawo ndaona kathuza kamodzi, katsopano.
Sindinawauzebe.
Ndalemba tsiku lake pakhadi,
Lachinayi tikaonetsa.
Kapu yawo ndaibwezera pakati pa zinzake.