Kondakitala Agona M'katoni

Kuno ku Mabvuku fumbi la simenti limatera paliponse,
pa zovala zoyanika, pa masamba a chigwada,
ngakhale pa lipombo la tambala wanga.
Ndinamutcha Kondakitala
poti amakuwa ngati anyamata oitanira makombi m'tauni,
osasiya mpaka msewu wonse utadzuka.

Akazi ake analipo anayi:
Nangondo, Nasimango, Kamdothi,
ndi kamsoti kena kopanda dzina
kamene ndinagula ndi phindu la tomato wa mlungu umodzi.

Khola ndinamanga ndekha.
Chitseko ndi cha firiji yakufa,
khoma ndi waya wa bedi lakale,
denga ndi malata awiri amene bambo anasiya
pamodzi ndi chitupa chawo cha ku Dedza
kumene ankati adzabwerera chaka chamawa, chaka chamawa.

Dzuwa likapendeka ndimawerenga:
imodzi, ziwiri, zitatu, zinayi, ndi bwana wawo.
Loko. Mwala kutsamiritsa.
Phulusa pansi kuti utitiri usapeze malo.
Mwezi wa chitopa ukayandikira,
dontho limodzi la katemera m'diso la aliyense.
Kabawi akamazungulira pamwamba pa mpeyala
sindine ndimayamba kumuona.
Kondakitala amangoti krrr kukhosi,
onse psiti, pansi pa wilibala.
Khirisimasi ikafika, alendo amamuyeza ndi maso,
ine ndimawapatsa tiyi, n'kuwaperekeza mpaka pageti.

Ndiye tsiku lina Mai Tarisai anasuzumira pampanda,
maso ali psuu, khanda kumbuyo.
Anati: Mzanga, kulira kwa tambalayu
mwana sagona nako, inenso sindigona.
Sindinayankhe. Ndani angakangane ndi mchembere wosagona?

Usiku umenewo ndinam'nyamula kukhwapa,
mtima wake ukugunda pa nthiti zanga,
n'kumuika m'katoni ya sopo, kuseri kwa mbaula,
ndi kumufunditsa chitenje.
Mumdima wotere tambala sadziwa nthawi.
Kunacha mwakachetechete ngati Lamlungu la maliro.
Usiku wachiwiri, chimodzimodzi.

Wachitatu magetsi anali atathima.
Ndinagona tulo tabwino, ndikuvomera.
M'mawa ndinapeza kadzenje pansi pa waya,
kakang'ono, kongokwana nkhonya yanga,
ndi nthenga za Kamdothi
kuyambira pakhola mpaka ku ngalande.
Likongwe kapena galu, sindidziwa.
Chimene ndidziwa n'chakuti mlonda anali m'katoni,
ndipo ndinam'tsekeramo ndine.

Nditam'tulutsa anazungulira bwalo,
napalasa, napeza chiswe, naitana.
Anabwera atatu.
Anaitanabe, chiswecho chili kukamwa.

Masana Mai Tarisai anagogoda.
Anabwera ndi njerwa zisanu ndi imodzi mu wilibala yawo
ndi sefa wa pazenera lawo lakukhitchini.
Tinakumba limodzi mozungulira khola,
khasu limodzi, kulandirana,
tinakwirira waya mpaka kuya kwa chigongono.
Pomaliza anapukuta manja pa siketi, anati:
M'bwezereni kwa akazi ake.
Mwanayu masiku atatu onsewa
wakhala akudzuka folo koloko yomweyo, payekha.

Tsopano m'bandakucha amalira awiri,
wina uku kwa mpanda, wina uko.
Mai Tarisai amati tambala wanga amalira Chishona,
akuti amati kukurigo.
Ine ndimamva kokoliliko, monga ankamvera bambo.
Sitinagwirizanebe.
Dzira loyamba la Nasimango mlungu uno
ndinawapatsira pamwamba pa mpanda, likadali lofunda.

Madzulo ndimawerengabe ndisanakhome loko:
imodzi, ziwiri, zitatu,
ndipo lilime limatsala pang'ono kupitirira.