Kuwerenga Mpweya ku Santhe

Magetsi anazima nkhani za pa wayilesi zisanathe.
Tsopano ndaluma tochi ndi mano,
m'dzanja muli wotchi yanga yoduka lamba.

Felesiya wafika pa njinga ya kabaza kuchokera kuseri kwa esiteti,
chitenje chake chikununkha fodya wa m'chigafa.
Akuvundukula mtolo wake pang'onopang'ono:
shawelo, bulangete, bulangete lina, kachipewa koluka,
ndipo pansi pa zonsezo
munthu wa masiku khumi ndi limodzi.

Dzina?
Sanamutche. Akudikira azakhali a ku Chamama.
M'kaundula ndalemba: Mwana wa Felesiya.

Kagalasi ka m'khwapa kati 38.6.

Kutentha thupi sikuulula kwawo.
Mwina ndi mabulangete awiriwa mu Okutobala muno.
Mwina chimfine cha mkulu wake wa ku sukulu ya mkaka.
Mwina tizilombo tinalowera pa mchombo,
tili kale m'magazi,
tikukwera ndi msana ngati linthumbu pa nsanamira.
Zonsezi zimagogoda pa chitseko changa ndi nkhope imodzi.

Makina ofunsa magazi ali ku boma.
Kuno ndili ndi pepala la pakhoma, lodyeka ngodya ndi chiswe,
ndi maso, ndi zala.
Ndiye ndifunsa.
Akuyamwa? Amangogwira bere n'kulisiya.
Chiyambire liti? Dzulo, nkhuku zikulowa.
Anabadwira kuti? Panjira, pafupi ndi dambo.
Chingwe anadula ndi chiyani?
Felesiya wayang'ana mwamuna wake.
Gelesomu wayang'ana nsapato zake.

Liwombo silinatupe. Ndiyamika mumtima.
Khungu lozungulira mchombo lafiira
kukula kwake ngati ndalama yachitsulo.
Ndimutsina kuphazi, alira mochedwa,
kulira kwa munthu amene akuganiza zina.

Tsopano mphindi imodzi yathunthu.
Kamimba kakwera, katsika, kakwera.
Musalankhule, mayi. Ndisokoneza.
Makumi atatu. Makumi anayi.
Panja galu akuuwa lole ya pa msewu wa Lilongwe.
Makumi asanu ndi limodzi, ndi zinayi.

Pepala limati bwereza, mwina mwana anadzidzimuka.
Ndibwereza.
Zisanu ndi ziwiri pamwamba pake.

Chaka chatha, nyengo ya maungu,
panali wina pa benchi lomweli.
Anapuma makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu,
anayamwa ine ndikuona.
Ndinati mubwere mawa.
Mawa linabwera lokha.
Palibe bokosi pa pepala lija
lochongamo zimene ndinamva m'mimba usiku umenewo,
n'kuzinyalanyaza.

Gelesomu akufunsa, chipewa chili m'manja:
Adokotala, n'zoopsa?
Sindine dokotala, koma si nthawi yokonza zimenezo.
Ndikuti: mwa ana khumi obwera chonchi,
ambiri amabwerera kwawo ndi chipsera cha singano basi.
Koma mmodzi, awiri, sadikira kucha.
Ndilibe diso loona wanuyu ali mbali iti.
Ndili ndi nambala, ndipo nambala yati pitani.

Fodya wanga ali pa mikangala, akutero.
Kenako, asanayankhidwe: tipita.

Ndiyeza kulemera kwake, makilo awiri ndi theka,
ndiwerengera mankhwala pa chikuto cha kaundula, kawiri,
jakisoni woyamba alowa pa kantchafu
kochepa kuposa zala zanga ziwiri.
Ndiimbira a Dzoole a ambulansi.
Akuti mafuta alipo ofika, obwerera tidzaona.

Mumufungate pachifuwa, mayi, khungu kukhungu.
Akakana bere, mufinyire m'kamwa.
Bulangete limodzi likwana.

Nyali zofiira zakhotera kumpoto, fumbi latsala likutsika.
Ndabwerera pa tebulo.
Mzere wake m'kaundula wadzaza:
tsiku, msinkhu, kutentha, mpweya, kumene ndamutumiza.
Kwatsala kabokosi komalizira, ka zotsatira,
kamene a ku boma sakumbuka kutiuza.

Ndikasiya koyera.
Ndidzafunsa Lachinayi pa sikelo
ngati azakhali aja anafika nalo dzina.