Khutu Lakumanzere la Baldomero

Ku Monterrey dzuwa silidikira teni koloko.
Likangosuzumira kuseri kwa phiri looneka ngati chishalo lija
malata a garaja amayamba kuthetheka,
ndipo Baldomero Treviño amakweza chitseko ndi phewa
poti tcheni chinaduka kalekale.

Lero woyamba ndi Yahir.
Nissan yake yofiira taimva isanakhote pamphambano,
agalu a msewu wonse akuiperekeza.
Ekizozi anagula yekha, malipiro a miyezi itatu,
paipi yonyezimira, kukamwa kwake ngati chitini cha mkaka.
Ankafuna kubangula, kubangulako anakupeza.
Koma pansi pake pamera tina:
tsi-tsi-tsi m'mawa injini ikadali yozizira,
gwedegwede akaima pamaloboti,
ndipo mkazi wake Itzel akuti mwana akakhala kumbuyo
amatsika ali lefuu, osafuna ndi bere lomwe.

Baldomero samva khutu lakumanzere.
Zaka makumi atatu za gulayinda zinalidya.
N'chifukwa chake amamvera ndi dzanja.
Wakweza galimoto, wafinyira chiguduli kukamwa kwa paipi,
"Liza," akutero,
kenako chikhato chikuyenda pansi pa chitsulo, osakhudza,
ngati munthu wofufuza mumdima
pomwe mphepo ikulowera m'chipinda.

Ine, mwana wa mlongo wake, ntchito yanga ndi tochi
ndi botolo la madzi a sopo.
Pamsoko woyamba, zii.
Pawachiwiri, pomwe paipi yatsopano yakumana ndi yakale,
thovu likutupa, kuphulika, kutupanso,
ndipo mwaye wajambula kale kamzere kakuda
kuloza pomwe utsi umazembera.
Amene anawotcherera poyamba anali pachangu.
Anaunjika chitsulo pamwamba ngati phula la kandulo,
mkati osagwira.
Timabowo tisanu, tochepa ngati maso a singano.

Yahir akuti bwanji tingomatapo.
Malume akupukusa mutu:
"Ukamata pamwamba pa bodza, Lachisanu ubweranso."
Tikudikira paipi izizire. Ndikuchotsa waya wa batire.
Gulayinda ikulira, msoko wakale ukugwa ngati nkhanambo
mpaka chitsulo chayera mbee.

Paipi yotchipa ndi yopyapyala,
ukaikakamiza moto imabooka ngati pepala.
Choncho malume atsitsa chigoba kumaso,
kadontho, n'kupuma,
kadontho mbali inayo, n'kupuma,
mbaliwali zikugwera pansapato, pakolala,
imodzi yalowa m'mkono wa ovolosi
koma dzanja silinagwedezeke.
Madontho agwirana manja kuzungulira paipi,
ofiira, kenako abuluu, kenako otuwa.

Sopo kachiwiri. Palibe thovu.

Gwedegwede uja sanali wa moto ayi.
Kamphira kokolekera paipi kanang'ambika,
chitsulo n'kumagogoda pamimba pa galimoto
ngati mlendo amene sanamuyankhe odi.
Kamphira katsopano, mapeso makumi anayi,
ndi mpata wokwana zala ziwiri.

Yahir waliza injini.
Kubangula kwatsala kokha, koyera, kopanda chifuwa.
Magalasi a mayi wogulitsa tako kutsidya akunjenjemera.
Mnyamatayo sakumwetulira monga ndimayembekezera.
Akuyang'ana kampando ka mwana kumbuyo,
kasokosi kamodzi katagwera pansi pake,
ndipo akunena kanthu motsitsa mawu.

Malume akutembenuza mutu, kupereka khutu lamoyo.
"Bwereza."
"Ndati, kodi phokosoli lingachepeko pang'ono?"

Baldomero akupukuta manja, akuyang'ana kukhoma
komwe kwapachikidwa sailensa ya takisi yakale,
yadzimbiri kunja, mkati yanzeru.
"Loweruka," akutero. "Ubwere mawindo otsekula,
mwana umusiye kunyumba."

Nissan yatuluka, agalu ayambiranso.
Pamenepo m'pomwe malume akupinda mkono wa ovolosi
kuona kachilonda katsopano pakati pa tizipsera takale,
akuthirapo madzi a sopo otsala m'botolo
n'kundiuza ndiitane wotsatira.