Nkhope Yanga M'malimu a Bwana Nkabinde

Lachisanu lililonse, cha m'ma folo koloko,
Benzi yakuda ya a Nkabinde imalowa pamalo pathu ku Turffontein
mwakachetechete ngati mtambo wa mvula.
Injini siimveka. Umangomva timiyala tikulira pansi pa matayala.

Tsiku lina inabwera itavala zachilendo:
malimu a kulomu, anayi onse,
owala moti Twaibu anagwetsa ndowa
nagwira pakamwa.
"Achimwene, tsopano ndiye galimoto yakwana!"

Ine ndinati ayi.
Galimoto iyi ndi mkulu wa mpingo,
suti yakuda, mawu ochepa,
ikamadutsa anthu amatsitsa okha mawu.
Ndiye mwaiveka nsapato za mnyamata wovina paukwati?
Dzino lagolide m'kamwa mwa woweruza milandu!
Ulemu sufuula.

Twaibu anaseka. "Kuno n'ku Joni, bambo.
Chuma chosawala ndi mphekesera chabe.
Ukadya zonona, milomo izichitira umboni."

Tinakangana mpaka thovu linauma pa boneti.
Madzulo ake anafufuza mtengo pafoni:
limu limodzi lokha
ndi malata onse a nyumba yanga ya ku Ntcheu,
ija yaima palintala chaka chachitatu tsopano,
udzu ukumera pabalaza.

Koma wotsuka malimuwo ndinali ine.
Nthiti makumi awiri pa gudumu lililonse,
fumbi la mabuleki litakakamira m'makona,
ine chogwada pasimenti yozizira ya mwezi wa Juni,
mswachi wakale m'manja, zala zitachita dzanzi.
Makumi asanu ndi atatu. Ndinkaziwerenga
monga ndiwerengera masiku a chidindo cha m'pasipoti.

Mwini wake anaima kumbuyo kwanga, makiyi akulira m'manja.
"Malawi, ukuwaona bwanji?"
Dzina langa ndine Lingisoni, koma sanafunsepo.
"Akukhala, bwana. Akukhala zedi."
Malandi makumi awiri analowa m'thumba,
Twaibu nandiponyera diso la m'mbali.

Chimene sindinamuuze Twaibu n'chakuti
ndikamaliza kupukuta, m'chitsulomo munkatuluka munthu.
Mphuno yotambalala ngati khasu, chipumi chopindika,
maso aang'ono atathawira kumapeto,
komabe ndinali ine.
Kuchipinda kwathu, komwe timagona asanu, kulibe kalilole.
Mumsewu maso a anthu amangondipyoza ngati windo.
Apolisi okha ndiwo amandiona bwinobwino.
Koma gudumu lija linkandiyang'ana osafunsa mapepala.
Ndi mmenemo ndinaonera imvi yanga yoyamba,
ndipo ndinailozera ndi chala, nayenso munthu uja analoza.

Kenako Lachisanu linadutsa osaiona. Linanso.
Tinamva kwa mlonda wa pagalaja
kuti magetsi atazima usiku wina ku Mondeor,
kunja kunacha Benzi itakhala pa njerwa,
mkulu wa mpingo atavulidwa nsapato
pageti pake pomwe, galu ali mtulo.

Yabweranso lero.
Malimu otuwa a kufakitale, ofatsa, nthiti zisanu zokha.
Nsanza imodzi, mphindi zitatu, basi.
Yabwerera pa ulemu wake, zoonadi,
ndipo Twaibu wavomera monyinyirika
kuti mwina, mwina, ndinali ndi mfundo.

Mlandu ndawina.
Ndagwada, ndapukuta, ndapukutanso,
ndauzira mpweya wa m'kamwa, ndapukuta ndi mkono wa malaya.
Chitsulo chili duu, chotuwa ngati utsi wa mbaula m'mawa.
Mulibe munthu.

"Malawi, fulumira!"

Ndadzuka, mawondo ali nyowe.
Mswachi uja ndikadali nawo m'thumba la ovolosi.