Pakati pa Mawotchi Awiri

Ku Mchinji, kuseri kwa siteshoni ya sitima,
m'chipinda chomwe kale ankasungiramo mtedza,
ndili ndi mawotchi awiri opanda nkhope.
Alibe mivi, alibe manambala.
Iliyonse ndi kamwala kotsekeredwa m'kachitsulo,
konjenjemera maulendo mamiliyoni khumi pa sekondi.
Funso langa ndi limodzi:
yafika msanga ndi iti, ndipo yasiya inzake ndi mpata wotani?

Mpatawo ndi kuphethira kwa diso
kogawidwa, n'kugawidwanso, mpaka mpeni kutha mano.
Makina oyezera amayankha ndithu
koma yankho lake silikhala pansi.
Pano akuti iyi, pano akuti iyo,
mboni yobwera kukhoti italawa kachasu.

A Mkanthama, amene anandiphunzitsa kuwotcherera waya,
anayang'ana manambala akudumphawo nati,
"Zelipa, mawotchi sakunama.
Ikunama ndi njira."
Ankalitcha phokoso,
ngakhale khutu silimvapo kanthu.

Ndinayamba kulisaka.

Loyamba ndinalipeza pakhoma.
Magetsi a mumsewu amalowa ndi matope kumapazi:
chigayo cha Akimu chikangolira
manambala anga ankayamba kuvina.
Ndinazula pulagi, n'kubwereka batire ya lole.

Lachiwiri linali langa lomwe.
Mawaya anga, atali ngati mwambo wa pamaliro,
ankatola chilichonse chodutsa m'mlengalenga,
wailesi ya ku Chipata,
foni ya mnyamata wa kabaza akukangana za chenji pawindo.
Ndinawadula. Ndinawayeza ndi rula
kuti uthenga wa wotchi iliyonse uyende mtunda wofanana.
Kakapasita konga njere ya mapira
ndinakamata pamwendo penipeni pa chipu
kuti chikamva ludzu chisamatsikire kudambo.

Kenako njira zobwerera.
Zinali ziwiri, ndipo magetsi ankangozungulira pakati pake
ngati mbuzi pachikhomo.
Ndinazikumanitsa pa mkuwa umodzi.
Zonse ndinaziika m'chitini cha mabisiketi,
n'kutseka, n'kukhoma.

Koma mwezi wa Okutobala suchita manyazi.
Masana malata akalira ndi dzuwa
timiyala tija tinkasintha mayendedwe.
Ndinakulunga chitinicho ndi bulangete la mwana wanga
ndipo ndinayamba kuyeza usiku,
agalu a kumsika atatopa.

Linatsala limodzi losachoka.
Mkuwawo umanjenjemera pawokha
chifukwa ndi wofunda,
chifukwa uli padziko pano ngati ine.
Limenelo sulithamangitsa. Umaleza nalo mtima.
Umafunsa funso lomwelo kambirimbiri
n'kutenga chapakati.
Ukafuna lichepe kakhumi, ufunse maulendo zana.
Ukafuna lichepenso, wiritsa tiyi.

Cha m'ma fili koloko m'bandakucha
mzere wa pagalasi unaleka kunjenjemera.
Unawonda ngati ulusi.
Ndinkayembekeza kuti ugona chogona,
kuti mawotchi anga apezeka akuyenda limodzi.
Ayi.
Unkapendekeka, pang'onopang'ono, osabwerera.
Wotchi yachiwiri inkatsalira.
Inkatsalira kuyambira kale,
phokoso lija linkangoibisira manyazi.

Ndinalemba nambalayo m'kope,
n'kuzimitsa nyale.

Kunyumba ndinapeza Lekeleni ali maso.
Alendo a ukwati wa mlongo wake anali atapita dzulo lake,
mbale zitabwezedwa kwa eni,
ana ali m'tulo, wailesi yozima.
Kwa miyezi yonseyi tinkati ndi chiphokoso cha pakhomo
chimene chimatilepheretsa kumvana.
Anandifunsa ngati ntchito yayenda.
Ndinati yayenda.
Iye anati chabwino,
koma anachedwa pang'ono kunena,
pang'ono kwambiri,
ndipo m'nyumba munali zii
mokwanira kuti ndiyeze.