Ludzu la Pijo wa Bambo

Zaka zisanu ndi ziwiri anagona pansi pa mpeyala
kuseri kwa nyumba yathu ku Ulongwe,
Pijo wa bambo, matayala ataphwa,
nkhuku zikuikira pampando wakumbuyo.
Anamuzimitsa tsiku limene dokotala wa ku Tete
anati maso awo sadzawerenganso msewu.
Kiyi anamukoleka pamsomali,
ndipo anali pomwepo tsiku lowaika.

Batire ndinabwereka kwa Zefaniyasi wa kuchigayo.
Nditapotoza kiyi, injini inatsokomola,
khe, khe, khe,
kutembenuka imatembenuka, kudzuka ayi.
A Jemuse anagunditsa pulagi pachitsulo,
kamphezi kabuluu kanathwanima.
"Moto ulipo, Otiliya. Galimotoyi ili ndi ludzu."

Tinayambira kumchira.
Fungo la m'thanki linandiwomba mphuno.
Sanalinso petulo uyo, anali vanishi wa kalipentala,
wofiirira, wonanda.
Pansi pake dzimbiri ngati masamba a tiyi.
Masiku awiri ndinagubuduza thankiyo pabwalo
nditathiramo timiyala ta kumtsinje,
ana a kwa a Fulujensiyo akuvina kutsata phokoso.

Paipi inathyoka m'manja ngati chinangwa chouma.
Yatsopano ndinaiyamwa ndekha,
petulo n'kundidzaza m'kamwa,
ndipo chakudya chonse cha tsikulo chinkakoma galaja.
Sefa inali bii.
Pampu titaimasula, kachikopa kake kanali kong'ambika,
kakupopa mpweya wokhawokha.
China tinakachipeza kumalire a Dedza
kwa mnyamata amene anaseka atamva dzina la galimoto:
"Zimenezo zikadayendabe?"

Kabureta tinamuyala palichero la amayi
iwo ali kumunda wa mbatata.
Timabowo take tinali totsekeka ndi phula,
kachoyandama katakakamira pansi.
Ndinazibula ndi kawaya ka burashi,
a Jemuse akuwerenga tizitsulo mokweza
kuti nkhuku ingatole kamodzi.

Lachisanu inalira!
Utsi wakuda, akangaude akuthawa,
amayi atagwira pakamwa pakhonde.
Tinadutsa msika, tinadutsa tchalitchi,
tinalowa msewu wa ku Domwe.
Pa mtengo wachitatu wa bulugamu
inajejema, inamira mawu, inafa.

Tikadikira, imadzuka.
Ikayenda pang'ono, imafanso.
Katatu konse.
A Jemuse anavula chipewa, anakanda dazi,
anati mwina eni ake sakufuna.
Ine ndinakwiya, sindidziwa ndi yani,
ndinapita kumbuyo kukaona ngati petulo watha.

Nditapotoza chitsekero cha thanki,
fyuuu!
inakoka mpweya ngati munthu wovuuka m'madzi.

Ndinatsata kapaipi kopumira ndi chala
mpaka pansi pa phiko la tayala.
Pakamwa pake mavu anamatapo nyumba ya dothi,
yosalala, yomangidwa mwaluso,
yochepa kuposa nsonga ya chala changa.
Thanki imapereka petulo osalandira mpweya
mpaka kudzikoka yokha m'mimba.

Ndinakumbukira bambo chaka chomaliza chija,
akuti ali bwino, ali bwino,
akutipatsa fizi, nthabwala, madalitso,
pakamwa pa chisoni chawo patamatidwa,
ife osaganiza zopotoza chitsekero.

Ndinazula chipini m'tsitsi.
Dothi linagwera pafumbi.
Ntchito ya masabata atatu,
mametikali onse aja,
n'kuthera pa chipini.
A Jemuse anaseka mpaka kukhala pansi m'ngalande.

Pobwerera ndinayendetsa ndine.
M'kabokosi ka kutsogolo munali lisiti ya petulo,
malita khumi, inki itafwifwa,
ndi magalasi awo a mwendo umodzi.
Dzanja la giya ndi losalala pamene ankagwira.
"Kokera mpando kutsogolo," anatero a Jemuse,
"ndiwe wamfupi."
Ndinati mawa.
Mpaka lero ndimaponda mafuta ndi nsonga ya phazi.